Malipenga atatu pa mapemphero a Lamulungu: momwe ntchito ikuyendera

Izi ndi zolemba za kagulu kamene kanapatsidwa ntchito yokonza zoti malipenga aziperekeza nyimbo za mpingo wonse pa tchalitchi chathu kuno ku Lilongwe. Oliza alipo atatu: mmodzi anaphunzirira m'bandi kalekale, awiri ndi achinyamata a m'kwaya amene sol-fa amaidziwa bwino koma lipenga aligwira koyamba chaka chino. Tchalitchicho n'cha njerwa, denga la malata lopanda siling'i, pansi simenti, ndipo kuchokera ku gome kukafika ku khomo lakumbuyo ndi mamita pafupifupi 30. Za nyumbayi tazitchula dala, chifukwa mavuto ambiri ali m'munsimu gwero lake ndi pamenepo. Chilichonse chimene tikuyesa tikuchiweruza ndi funso limodzi: kodi anthu akuimba momasuka kuposa kale, kapena atseka pakamwa n'kumangomvetsera lipenga?

Meyi, sabata yoyamba: kuyesa zimene zilipo

Malipenga onse atatu ndi a B♭, a mavalavu atatu (mabatani odina ndi zala posintha noti). Loyamba ndi Yamaha YTR-2330 logwiritsidwapo kale ntchito, linachokera ku Johannesburg. Lachiwiri n'lakale, dzina linafufutika, lakhala m'kabati ya ku vesitile kwa zaka. Lachitatu n'latsopano, lotsika mtengo, lonyezimira ngati golide.

Tisanalize noti ndi imodzi yomwe, tinayamba taona ngati lililonse likusunga mpweya. Mumachotsa slide (kapaipi kopindika kosololeka) ya valavu yoyamba, n'kudina valavuyo, n'kutseka ndi chala kapaipi kamene mpweya ukutulukira, kenako n'kuuzira mwamphamvu. Lipenga labwinobwino limakukanizani, mpweya umasowa kolowera. Mukamva kamphepo kakuthawira pena, ndiye kuti mavalavu anaperepeseka kapena cork (kotsekera kofewa) ya potayira madzi inatha. Kuyesa kwina ndi kusolola slide yachitatu mofulumira osadina valavu: imayenera kulira kuti pho! Ikangotuluka mwakachetechete, dziwani kuti pena pakudontha.

La Yamaha ladutsa ponse pawiri. Mavalavu ake ndi a monel, chitsulo chosadyeka msanga, ndipo bowo la mapaipi ake ndi mamilimita 11.65, muyeso wapakatikati umene woyamba kumene satopa nawo. Lakale likutaya mpweya pa cork. Zimenezo n'zochepa. Chodetsa nkhawa n'chakuti pa leadpipe, paipi yoyamba ija imene mouthpiece (kachitsulo koikapo milomo) imalowamo, pali timadontho tofiirira tinayi. Chitsulo cha lipenga ndi kopa wosakaniza ndi zinki, kawirikawiri magawo 70 kwa 30. Malovu ndi zotsalira za chakudya zikakhalitsa m'kati zimadya zinkiyo n'kusiya kopa wofewa, choncho dontho likamaoneka kunja limakhala litayamba kale kudya m'kati. Silichira. Kuyeretsa kumangochedwetsa, tsiku lina paipi yonseyo idzafunika kusintha.

Latsopano lija ndiye chikomekome cha mkuyu. Mpweya likusunga, koma valavu yachiwiri imakakamira chala chikangodina chapambali, ndipo slide yachitatu njolimba moti singasunthe munthu akuliza. Mpingo wina ukafuna kugula, tikuulangiza kuti lipenga lakale la kampani yodziwika, loyesedwa pamaso, limaposa latsopano losadziwika kwawo. Popita kokagula tengani mouthpiece yanu, foni yokhala ndi tuner (choyezera ngati noti yakwera kapena yatsika), ndi munthu woti akalilize pomwepo.

Meyi, sabata yachitatu: kusambitsa

Beseni lalikulu lapulasitiki, thaulo pansi pake kuti chitsulo chisakandike, madzi ofunda oti dzanja likhalemo osamva kuwotcha, ndi madontho angapo a sopo wamadzi wotsukira mbale. Madzi otentha ayi, amasupula utoto wonyezimira uja. Maslide onse achoke. Mavalavu ali ndi manambala 1, 2, 3 odindidwa pathupi. Amenewo timawaimika m'kapu, madzi osafika kumtunda kumene kuli felt (kansalu kofewa kozungulira). Thupi la lipenga likhale m'madzi mphindi 20 kapena 30, kenako burashi yaitali yopindika ija idutse m'paipi iliyonse.

M'lipenga lakale munatuluka zobiriwira zoterera ngati ndere za m'dambo, pamodzi ndi kachidutswa ka khoko la mtedza, madzi onse m'beseni n'kuda. Litauma, manoti apansi amene ankamveka ngati munthu wa chimfine anatseguka tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo lamulo n'lakuti aliyense achukuche m'kamwa ndi madzi asanagwire lipenga, makamaka akamwa tiyi wa shuga kapena akadya chimanga chootcha. Mouthpiece izitsukidwa sabata iliyonse, lipenga lonse pakatha miyezi iwiri, ndipo mouthpiece sabwerekana.

Pomanganso tinaona kuti felt ya valavu yachiwiri ya lipenga lakale inaphwatalala ngati ndalama yachitsulo. Kanthu kameneka kamaoneka kachabechabe koma ndi kamene kamaimitsa valavu pamalo oti mabowo ake akumane ndi a mapaipi. Kuti muone, chotsani slide yachiwiri, dinani valavu, n'kuunika m'kati ndi tochi ya foni. Bowo lizioneka lathunthu. Mukaona kamwezi ka chitsulo m'mphepete, felt yachepa kapena yakula, ndipo manoti amatuluka otsamwa. Kudula labala wa silipasi kapena katoni n'kuikapo sikuthandiza, chifukwa theka la milimita lokha limasintha kakumanidwe ka mabowowo. Tinaika felt yeniyeni ndi cork yatsopano.

Juni: nkhani ya makiyi

Apa ndi pamene patidyera nthawi yambiri. Woliza lipenga la B♭ akaliza noti imene iye amaitcha C, khutu limamva B♭. Choncho nyimbo iliyonse iyenera kukwezedwa ndi toni imodzi yathunthu kuti igwirizane ndi kiyibodi. Nyimbo ya mu F woliza amaiona mu G, ya mu E♭ amaiona mu F, ya mu A♭ mu B♭, ya mu G mu A.

Sol-fa yatipulumutsa. Wodziwa do, re, mi safunika kulembanso nyimbo yonse; chimene chimasintha ndi zala zokha. Tinadula timakadi, kamodzi pa kiyi iliyonse, 0 akutanthauza osadina valavu iliyonse.

Do ndi F pa kiyibodi: so wam'munsi 1-3, la 1-2, ti 2, do 0, re 1-2, mi 2, fa 0, so 1, la 0.

Do ndi E♭: do 1, re 0, mi 1-2, fa 1, so 0, la 1, ti 0, do wam'mwamba 1.

Do ndi G: so wam'munsi 1-2, la 2, ti 2-3, do 1-2, re 2, mi 1-2, fa 1, so 0.

Do ndi A♭: so wam'munsi 1, la 0, ti 1-2, do 1, re 0, mi 1, fa 2, so 1.

Makiyi anayi amenewa akukwanira nyimbo zambiri zimene mpingo umakonda m'buku la Nyimbo za Mulungu. Ena tiwonjezera achinyamatawa akazolowera.

Pa pulakatisi yoyamba ndi kiyibodi zinthu zinasokonekera. Woimba kiyibodi atafunsidwa kiyi anati C, malipenga n'kulowa mu D, koma phokoso lake linali ngati nyimbo ziwiri zikulimbana. Sananame. Zala zake zinalidi mu C, koma batani la transpose (losuntha kiyi) linali pa +5, kutanthauza kuti chotuluka m'masipika chinali F. Oimba kiyibodi ambiri m'matchalitchi anaphunzira choncho, ndipo kwa kwaya sizivuta chifukwa mawu a munthu amangotsata. Lipenga silingatsate, lilibe batani. Tagwirizana kuti pa pepala la dongosolo la mapemphero pazilembedwa kiyi yomveka m'khutu, osati ya zala. Woliza akakayika ayang'ane nambala pa sikirini: zala zikakhala mu C, +3 ndi E♭, +5 ndi F, -2 ndi B♭. Tinaonanso kuti kachunidwe ka kiyibodi yonse kali pa 440, muyeso wanthawi zonse wa noti ya A, chifukwa nakonso munthu amatha kukasuntha mwangozi.

Vuto lina ndi la magitala. Oimba gitala amakonda D, A ndi E chifukwa zala zimagona bwino. Kwa lipenga D amasanduka E ya masharp anayi, A amasanduka B ya asanu, E amasanduka F♯ ya asanu ndi limodzi. Wozolowera amatha, koma woyamba kumene amapunthwa pa 2-3 ndi 1-2-3 zosatha. Nyimbo ya mu E tikumapempha itsike theka la toni ikhale E♭, kapena ikwere ikhale F ngati noti yake yapamwamba siipitirira mawu a anthu. Koma makolasi amene wotsogolera amangoyambitsa pamene mtima wamugwira, lipenga lidikire. Kiyibodi ipeze kaye kiyi, kolasi izungulire kamodzi, ndiye woliza alowe. Kufunafuna noti pagulu ndi chida chofuula chotere kumadodometsa anthu pakati pa pemphero.

Juni kumapeto mpaka Julayi: kuchuna ndi kuzizira

Paipi ya lipenga ikatambasulidwa imatalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Valavu yoyamba imawonjezera kapaipi kotsitsa toni imodzi, yachiwiri theka, yachitatu toni ndi theka. Kapaipi kalikonse kanadulidwa moyenerana ndi lipenga losadinidwa. Mukadina awiri kapena atatu pamodzi, utali wonse umaperewera, noti n'kukwera. N'chifukwa chake D wam'munsi wa 1-3 ndi C♯ wa 1-2-3 amakwera pa lipenga lililonse, ngakhale lodula bwanji. Mankhwala ake ndi kukankha slide yachitatu ndi chala chakumanzere: pafupifupi sentimita imodzi pa D, ziwiri kapena kuposerapo pa C♯, n'kuibweza noti ikatha.

Kwa ife izi si za m'buku chabe. Nyimbo zambiri za mu F zimayambira pa so wam'munsi n'kukwera ku do, ndipo so ameneyo ndi D yemwe uja. Ndiye kuti noti yoyamba imene mpingo umamva ndi imene imakwera kwambiri. Slide yolimba ya lipenga latsopano tinaipukuta, n'kuipaka girizi pang'ono wosungunulidwa ndi dontho la mafuta a mavalavu, koma sinafewe mokwanira. Tangoisiya itatuluka pang'ono nthawi zonse. D wakhala bwino, koma E♭ ndi G♯ wa 2-3 watsika, ndipo woliza akumamukweza ndi milomo. Si njira yabwino, ndi yongodutsira.

Kumtunda zimatembenuka. D wa 1, E♭ wa 2 ndi E wosadina amatsika mwachibadwa. E akakhala wautali ndipo kiyibodi ikumugwiranso, 1-2 amamukweza. Koma E yemweyo akakhala mi wa nyimbo ya mu B♭, musiyeni; mi wotsika pang'ono ndi amene amalukana bwino ndi mawu a kwaya, ndipo oimba aluto ndi tena amachita zimenezi mwa khutu osadziwa.

M'mawa wa Juni ndi Julayi kuno kumazizira mpaka madigiri 10 kapena kucheperapo, ndipo mapemphero a Chingerezi amayamba dzuwa lisanafunde. Lipenga lozizira limatsika. Likafunda ndi mpweya wa munthu limakwera. Kiyibodi siisuntha. Wochuna lipenga atangolitulutsa m'bokosi amakankhira slide yaikulu yochunira m'kati, ndiye pofika vesi yachitatu ali pamwamba pa aliyense. Tsopano tikumafika mphindi 20 kusanayambe, n'kuliza manoti aatali motsitsa ku vesitile kwa mphindi 10, kenako n'kuchuna pa C wapakati wa lipenga, amene ndi B♭ pa kiyibodi. Ulaliki ukatenga mphindi 40 lipenga limaziziranso. Abusa akamayandikira kumapeto, woliza auziremo mpweya wofunda mwakachetechete atadina mavalavu onse, ndipo mouthpiece azisungira m'thumba la jekete kapena m'manja.

Julayi: mouthpiece ndi milomo

Achinyamata aja anayamba kufunsa za mouthpiece yokwera manoti apamwamba. Pa kawerengedwe ka kampani ya Bach, nambala ikamakula mouthpiece imachepa, ndipo chilembo chimanena kuya kwa kapu: A njakuya kwambiri, C yapakatikati, E yosaya. M'mimba mwa 7C ndi mamilimita 16.20, 3C ndi 16.30, pamene 1½C ndi 17.00. A Yamaha amawerenga mosemphana, nambala yaikulu ndi mouthpiece yaikulu; 11B4 imene imabwera ndi malipenga awo a ophunzira ili pafupi ndi 7C.

Kapu yosaya imathandizadi kumtunda, koma mawu ake ndi akuthwa, ndipo pansi pa malata ndi pa simenti amabaya m'makutu. Komanso nyimbo za mpingo sizikwera kutali. Noti yapamwamba kwa woliza kawirikawiri ndi E kapena F, mwa apo ndi apo G. Palibe chifukwa chogulira chida cha manoti amene sitiliza. Tatsimikiza kuti awiri akhale pa 7C ndi 11B4, wamkulu pa 3C yake, ndipo pasakhale wosintha kwa miyezi isanu ndi umodzi. Milomo imafuna nthawi kuti izolowere, ndipo wosinthasintha sadziwa ngati vuto ndi chitsulo kapena iye mwini.

M'kabati munalinso ma mouthpiece ena atatu, onse osathandiza. Ina ndi ya cornet, chida chofanana ndi lipenga, mchira wake ndi waufupi komanso woonda, imagwedera m'lipenga. Ina inagwa pansi kunsonga n'kuphwanyika, moti siikhala mozungulira. Yachitatu siliva anasupuka pamene pamakhudza milomo; chitsulo chosaphimbidwa chimayabwa ndipo ena chimawatupitsa. Imeneyo taiika pambali kotheratu.

Mphepo ya mwera ikuumitsa milomo. Vaseline ipakidwe usiku pogona, osati poti muliza, chifukwa mouthpiece imaterera ndipo mafutawo amakathera m'mavalavu. Wotopa amayamba kukanikiza chitsulo pa milomo, magazi n'kusiya kuyenda bwino, noti n'kumathawa. Mukaona mzere wozungulira wofiira kwambiri umene sukuchoka pakapita mphindi zingapo, mwakanikiza. Kuchotsa kachala kakang'ono m'kangowe ka pa leadpipe kumachepetsa chizolowezi chokoka. Pulakatisi ya kunyumba ndi mphindi 15 kawiri pa tsiku, kupuma nthawi yofanana ndi imene mwaliza: manoti aatali, kuyenda pakati pa C, G ndi C osadina valavu, kenako masamba oyambirira a buku la Arban lophunzirira lipenga, lija linatuluka ku Paris mu 1864. Kumene nyumba n'zoyandikana, lozetsani lipenga m'wodiropu ya zovala yotsegula.

Ogasiti: kulowa m'mapemphero

Lamulungu loyamba tinaima kutsogolo, malipenga kuloza kwa anthu. Kunali kulakwitsa. Mizere yoyamba amakhala amayi a Chigwirizano, mamita atatu okha kuchokera kukamwa kwa lipenga. Pa vesi yachiwiri agogo ena anakokera duku kukhutu n'kuligwira ndi dzanja, buku la nyimbo lili chitsegukire pamiyendo, osaimbanso. Palibe anadandaula, koma zinatikwanira. Mawu akuthwa a lipenga amayenda molunjika kumene kukamwa kwaloza. Wokhala kutsogolo kwake amamva kuwawa, wokhala pambali amamva kukoma. Tasamukira pambali pa kwaya, malipenga kuloza chopingasa ku khoma lalitali, pamwamba pa mitu ya anthu.

Chachiwiri ndi kukoka kwa nyimbo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Kuti noti ikafike kumbuyo kwa tchalitchi, ndi mawu a okhala kumeneko abwerere kwa woliza, ndi ulendo wa mamita 60, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a sekondi. Woliza akadikira chimene akumva kuchokera kumbuyo, amachedwa. A kumbuyo nawo amamudikira. Pofika vesi yachinayi nyimbo yachisangalalo ikuyenda ngati ya pamaliro. Choncho woliza atsate dzanja la wotsogolera kwaya, osati khutu, ndipo avomere kuti azimva ngati ali patsogolo pang'ono.

Chachitatu sitinachiganizire n'komwe. Mpingo suimba ndendende monga zinalembedwera. Pali pamene anthu amagwira noti nthawi yaitali, pali pamene amapumira pakati pa mzere, pali mi amene anamusandutsa fa kalekale ndipo ana anabadwa n'kuipeza choncho. Lipenga likaumirira za pa pepala, anthu amaganiza kuti alakwitsa n'kutsitsa mawu. Tikumajambula pa foni mmene mpingo umaimbira wokha, n'kukonza makope athu potsata zimenezo. Pansi pa manoti woliza alembe mawu a vesi yoyamba, kuti lilime ligunde pamene anthu akutchula ndi kupuma pamene iwo akupuma.

Pa 2 Mbiri 5:12-13 timamva za ansembe 120 oliza malipenga pa tsiku lolowetsa likasa m'Kachisi, ndipo chimene wolemba anachiona chofunika kutchula n'chakuti oliza ndi oimba anamveka ngati mawu amodzi. Ife tili atatu okha, koma muyeso ndi womwewo. Woliza akalephera kumva mawu a kwaya ili pambali pake, wafuula kwambiri. Poyambitsa nyimbo, lipenga limodzi limaimba mzere womaliza wokha, pa liwiro limene nyimbo iyendere, n'kupuma mooneka kuti anthu alowe pamodzi.

Seputembala: fumbi

Mavalavu a malipenga awiri anayamba kubwerera mochedwa. Titawasolola, mafuta anali atada, pakati pa zala pakumveka mchenga. Fumbi la nyengo ino limalowera pa timabowo ta zotsekera za pansi, n'kusakanikirana ndi mafuta, n'kumapala valavu ngati sandipepa. Kuthira mafuta ena pamwamba pa akudawo n'kungowonjezera matope. Pukutani kaye valavu ndi m'kati mwa nyumba yake ndi nsalu yosathothoka ulusi, tsukani zotsekera za pansi, ndiye madontho atatu kapena anayi. Lipenga lisagone pa benchi. Likangotha ntchito lilowe m'bokosi.

Mafuta a mavalavu atatha, wina anayesa a mashini osokera. Ndi olemera, valavu inayamba ulesi. Ophikira ndiye oipiratu, amauma n'kumata. Tinatsukanso ndi sopo. Pobwezera, valavu yachitatu inalowa chotembenuka, lipenga n'kutsekeka ngati mwalowa chitsotso. Pamwamba pa valavu pali kachotsogolera kamene kamayenera kugwera m'kamphako kake. Tembenuzani pang'onopang'ono mpaka mumve kuti tha, ndipo onani kuti nambala yaloza mbali imene ena aloza.

Mouthpiece ina inakakamira chifukwa cha chizolowezi choimenya ndi chikhatho polowetsa. Pulayala musayerekeze: imapotoza leadpipe n'kuthyola zogwirizira. Tinabwereka kachida kokokera mouthpiece kwa anthu a bandi, inatuluka pasanathe mphindi. Polowetsa ndi kungoika n'kupotoza pang'ono basi.

Okotobala: kutentha, magetsi ndi maiki

Pa mapemphero a Chichewa, dzuwa litakwera pa malata, malipenga onse akukwera. Slide yaikulu ikutuluka mamilimita atatu kapena anayi kuposa mmene inkakhalira mu Julayi. Mafuta nawo akuuma msanga, choncho tikuthira tsiku lililonse loliza.

Magetsi anazima kawiri pakati pa nyimbo. Apa ndi pamene lipenga laonetsa phindu lake loposa lonse. Kiyibodi itangoti zii, lipenga limodzi linapitiriza nyimbo motsitsa, anthu osaima. Mpingo ukamaimba wopanda chida umatsetsereka pang'onopang'ono, makamaka pa nyimbo zoyenda modekha. Woliza asalimbane nawo pofuula. Agwire molimba noti yoyamba ya mzere uliwonse ndi yapamwamba, zinazo aziperekeza chapansipansi. Pa sitandi iliyonse tamatapo do wa nyimbo zonse za tsikulo, kuti magetsi akazima nyimbo isanayambe, lipenga lipereke poyambira.

M'kati mwa tchalitchi lipenga silifuna maiki. Tinauza a ku mikisa aichotse. Pa Pepa Sande ya panja ndi pamene inafunika: maiki ya mtundu wa Shure SM57, masentimita 40 kapena 50 kuchokera kukamwa kwa lipenga, yoloza chapambali pang'ono osati pakatikati, gain (mphamvu ya maiki pa mikisa) yotsika. Foni youlutsira mapemphero pa Facebook ikakhala pafupi ndi oliza imangodzaza lipenga, kwaya osamveka. Taisunthira mbali ina.

Novembala: kugawana mavesi

Mapemphero amatenga maola awiri ndi theka kapena atatu, nyimbo zisanu za mavesi anayi kapena asanu, kuwonjezera makolasi a nthawi ya chopereka. Milomo ya woyamba kumene siingapirire zonsezo, ndipo makutu a mpingo nawo amatopa. Dongosolo limene lagwira ndi ili: vesi yoyamba onse atatu pa sopulano, kuti nyimbo ikhazikike. Yachiwiri malipenga apume, anthu adzimve okha. Yachitatu awiri, wina sopulano wina aluto, motsitsa. Yomaliza onse, ndipo wamkulu yekha akwere pamwamba ndi descant (kanyimbo koyenda pamwamba pa sopulano) yosavuta yoyenda pa do, mi ndi so. Descant ikabwera vesi iliyonse imasanduka chionetsero. Mawu a vesi azilamulira: vesi yolapa machimo siilira lipenga, ngakhale itakhala yomaliza.

Pa Mgonero, abusa ndi akuluampingo anapempha kuti lipenga likhale chete anthu akamalandira, ndipo tikugwirizana nazo. Pa nyimbo yokonzekera tayesa ma mute awiri, zolowetsa kukamwa kwa lipenga kuti mawu achepe. Ya straight imatsina mawu n'kuwakweza pang'ono, moti slide iyenera kutuluka. M'nyumba ya malata imamveka ya m'mphuno. Ya cup njofatsa, ndiyo tasankha. Musanailowetse uzirani pa cork yake kuti igwire, ingagwe pa simenti pakati pa pemphero.

Kagulu kapereka maganizo ku sesoni kuti chida chachinayi chikadzagulidwa chikhale cornet. Nayonso ndi ya B♭, zala n'zomwezo, makadi ndi omwewo, koma paipi yake imakula pang'onopang'ono kuchokera koyambirira, choncho mawu ake ndi ofewa ndipo amalowerera mwa oimba. Mabandi a Salvation Army amatsogoza cornet, osati lipenga lowongoka. Lipenga la C, limene silifuna kukweza nyimbo, talikana: n'lodula, silipezekapezeka, ndipo woliza mmodzi akanakhala ndi makadi osiyana ndi anzake.

Disembala, sabata yoyamba

Mvula yayamba. Ikamagunda malata, woliza amafuna kuigonjetsa ndi mphamvu, mawu n'kung'ambika ndi kukwera. Chimene chikuthandiza ndi kuimirira, kukweza kukamwa kwa lipenga pang'ono, ndi kugunda noti iliyonse ndi lilime momveka bwino kuti anthu agwire kayendedwe ngakhale sakumva zonse. Tikafika kunyumba madzi atayidwe m'maslide onse, bokosi likhale chitsegukire ola limodzi. Latsopano lija nsalu yake yam'kati yayamba kale fungo la nkhungu.

Dontho limodzi pa leadpipe ya lipenga lakale layamba kuchita thukuta munthu akuliza, ndiye kuti labooka. Talikulunga ndi tepi ya magetsi kuti lifike pa Khirisimasi. Tikufunsa kwa anthu a mabandi za mmisiri wodziwa zida za mkuwa. Wowotcherera mageti ayi, moto wake ungasungunule mtovu wa zogwirizira zonse zoyandikana.

Zotsala sabata ino: kadi ya do wa D ndi ya do wa C, chifukwa nyimbo zina za Khirisimasi zimene kwaya yasankha zili mmenemo, kujambula mmene mpingo umaimbira nyimbo zisanu za pa 25, ndi kukumana ndi woimba kiyibodi Lachinayi madzulo kuti makiyi onse alembedwe pepala la dongosolo lisanapite kwa mlembi wa mpingo.